Hadley Chase Wopanda Chikuto

Ku Balaka kuno, ukafuna kudziwa msinkhu wa bambo amene anapitako kusukulu, palibe chifukwa chomufunsira chiphaso. Ungomutchulira dzina loti James Hadley Chase. Wobadwa nthawi ya matipate adzakufunsa ngati ameneyo amasewera mpira ku England. Koma amene mayeso a JC anawalemba nthawi ya Kamuzu amayamba wamwetulira kaye, kenaka n'kukuyalira maina a mabuku motsatizana, ena oti nkhani yake anaiiwala kalekale koma dzina likadali pakamwa. Ndakumana nawo otere padepoti, pamaliro, ngakhale pamzere wa kubanki ku Liwonde: aphunzitsi opuma, akalaliki akale a ADMARC, apolisi amene yunifolomu anavula kale. Dzina limodzi lomweli limawabwezera ku unyamata.

Ine ndinabadwira pakati pa mibadwo iwiriyi. Pomwe ndinkafika ku sekondale mabukuwo anali atayamba kusowa, ndipo madzulo athu anali atalandidwa ndi tinyumba toonetsera mavidiyo. Dzinalo ndinakula ndikulimva, koma buku lake ndaliwerenga koyamba chaka chino, imvi zitayamba kale kusuzumira m'mbalimu.

Anandibwereka ndi amalume, amene anagwira ukalaliki ku Malawi Railways mpaka pomwe njanji zinapita m'manja mwa kampani ya CEAR mu 1999. Zaka zawo zambiri anazithera pa Nkaya, pamphambano pomwe njanji yochokera ku Limbe imagawikana, ina kupitirira ku Balaka ndi Salima, ina kukhotera kummawa kudzera pa Liwonde mpaka kukatulukira pa Nayuchi kulowa mu Mozambique. Ya kummawayi inatsegulidwa mu 1970. Amalume akuti mabuku awo ankayenda pa njanji zomwezi: magadi a sitima ankabwera nawo kuchokera ku Limbe, kusiya awiri pa Nkaya, kutenga awiri ena kupita nawo ku Nayuchi, ulendo wina n'kudzasinthanso. Panalibe kaundula, koma wosabweza buku mbiri yake inkafika siteshoni iliyonse iye asanafikeko.

Lomwe anandipatsalo analitulutsa m'katoni ya pansi pa bedi. Linalibe chikuto. Linali lokutidwa ndi pepala lakhaki, ndipo pamwamba pake wina analembapo ndi bolopeni kuti Come Easy, Go Easy. Patsamba loyamba panali maina a anthu amene analisungapo, aliyense kukhwatcha la mnzake n'kulemba lake m'munsi.

"Nanga chikuto chinapita kuti, amalume?"

"Iwe mphwanga, chikuto cha Chase ukanayenda nacho poyera masiku amenewo? Tinkachotsa tokha."

Zikuto za mabukuwa, makamaka osindikizidwa ndi Corgi m'zaka za m'ma 1970, zinkakhala ndi chithunzi cha mkazi wachizungu wovala moperewera, kawirikawiri mfuti ili m'manja kapena chapafupi. Tsono kumbukirani kuti linali dziko lotani. Kuyambira 1973 lamulo linkaletsa amayi kuvala thalauzi kapena siketi yosaphimba mawondo, ndipo kuyambira 1968 kunali bungwe la boma lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, lomwe linaletsa mabuku mazanamazana. Limodzi mwa oletsedwawo linali Animal Farm la George Orwell. Chondiseketsa n'choti Orwell yemweyo mu 1944 analemba nkhani yodandaula ndi buku loyamba la Chase, kuti ngakhale linalembedwa mwaluso, ladzaza nkhanza ndi kupembedza mphamvu. Kuno kwathu wodandaulayo ndiye anatsekeredwa kunja, pomwe wodandaulidwayo ankayenda m'matumba a akalaliki atangovulidwa chikuto basi.

Kuti timvetse chikondi cha abambowa pa mlembi ameneyu, tikumbuke kuti Malawi analibe nyumba yakeyake ya wailesi yakanema mpaka 1999. Nthawi ya Kamuzu wailesi inali imodzi, MBC, ndipo zomwe ikanene munthu unkazidziwa usanaitsegule. Kalaliki wa pa Nkaya akamadikira sitima ya katundu yomwe yachedwa, anzake a usiku anali nyali, udzudzu ndi buku. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itaimitsa sitima za ku Nacala, nthawi yodikira inachuluka kuposa ntchito. Amalume amanenetsa kuti Chingerezi chawo sanachitole m'kalasi, anachitola kwa Chase, ndipo ndimawakhulupirira, chifukwa mpaka lero mbuzi ya aneba ikalowa m'dimba mwawo amaikalipira m'Chingerezi cha zigawenga chomwe mwina ku America komweko chinatha kale.

Chodabwitsa n'choti mwini wakeyo nayenso Chingerezi chimenecho anachitola m'mabuku. Dzina lake lenileni linali René Raymond, wobadwira ku London mu 1906. Asanayambe kulemba ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa mabuku, kenaka anagwira ntchito kukampani yopikulitsa mabuku, komwe anaona ndi maso ake zomwe anthu amatulutsira ndalama. Ataona kuti nkhani za zigawenga za ku America zikuyenda malonda, anapeza mapu ndi buku lomasulira mawu a m'misewu ya kumeneko, n'kulemba No Orchids for Miss Blandish, lomwe linatuluka mu 1939, iye asanapondeko phazi ku America. Pomwe ankamwalira ku Switzerland mu 1985 anali atalemba mabuku pafupifupi 90, ambiri onena za dziko lomwe anangolichezerako mwachidule. Sanali munthu wamanyazi pobwereka. Buku loyambalo limatsamira kwambiri pa Sanctuary la William Faulkner, ndipo lomwe ndinawerenga ineli, la mu 1960, mizati yake ndi ya The Postman Always Rings Twice la James M. Cain, la mu 1934. Koma kubwereka ndi kwina, kudziwa kusimba ndi kwinanso, ndipo kusimba munthuyu ankadziwa.

Nkhani yake ili motere. Chet Carson anali mmisiri pakampani yopanga mabokosi achitsulo osungiramo ndalama. Loko ya kasitomala ikavuta, woitanidwa anali iyeyo. Malipiro ake anali ochepa, koma tsiku ndi tsiku manja ake ankatsegula zitseko zomwe kuseri kwake kunali chuma choti iye sakanachipeza moyo wake wonse. Usiku wina ataona mulu wa ndalama kwa munthu wina wolemera, anauza mnzake Roy Tracey, ndipo awiriwo anapangana. Zinthu zinalakwika, Roy anapulumuka, Chet anagwidwa n'kuponyedwa kundende ya ntchito yakalavulagaga. Atathawako anakafika pamalo ena omwetsera galimoto, ali okhaokha m'chipululu, pomwe panalinso kanyumba kodyera apaulendo. Mwini malowo, Carl Jenson, anali bambo wamtima wabwino, ndipo anamulandira, kumupatsa ntchito ndi pogona. Koma bamboyu anali ndi mkazi wocheperapo msinkhu, Lola, komanso bokosi lachitsulo momwe anatsekeramo thukuta lake la zaka zambiri. Lola anatulukira kuti mlendoyo ndi mkaidi wothawa, ndiponso kuti kutsegula mabokosi otere ndiyo ntchito yake. Zotsalazo sindikuuzani zonse, poti mwina katoni ya amalume anu ikadalipo. Ndingoti pofika pakati pa buku, pamalopo pali mtembo wofunika kuubisa.

Ndinaliyamba madzulo ena a mu Okutobala, kutentha kwa ku Balaka kuja koti ngakhale mkeka umaotcha, magetsi atazima. Ndinawerengera tochi ya pafoni mpaka foniyo inathima. Chase sataya nthawi ndi kulowa kwa dzuwa kapena mbiri ya agogo a munthu. Wina akalowa m'chipinda, amakuuza chomwe wavala, chomwe akufuna, ndi kulemera kwa thumba lake. Ziganizo n'zazifupi, mawu ake wa Fomu 2 angathe kuwatsatira popanda kutsegulatsegula dikishonale, ndipo mutu uliwonse umathera pamalo poti buku sungaliike pansi. Chinthu chomwe amachiwerengera mosamala kuposa china chilichonse ndi ndalama: mtengo wa chakudya, malipiro a pasabata, zomwe zili m'bokosi. Ukuchita kumva kuti wolembayo anagogodapo pamakomo a anthu, kuyang'ana nsapato zawo ndi mipando yawo n'kudziwiratu ngati agula kapena ayi.

Chipululu chakecho ine sindinachione ngati cha ku America. Ndinkaona msewu wochokera ku Zalewa kudutsa pa Phalula kupita ku Chingeni nthawi ya chilimwe, milambe itayoyoka masamba, malole akudutsa osaima, kagolosale kamodzi ndi pampu ya mafuta. Jenson ndinamupatsa nkhope ya bambo wina wa chigayo amene ndinkamudziwa ndili mwana ku Ulongwe. Mlembi amene America sankaidziwa, ndi wowerenga amene sanaioneko, tinakumana m'dziko lomwe aliyense anamanga ndi zomwe anali nazo, iye mapu, ine Phalula. Amalume akuti iwo chipululucho ankachiika pakati pa Nkaya ndi Utale.

Koma chomwe chandikhazika pansi kuti ndilembe si liwiro la nkhaniyo ayi. Ndi zomwe zinandichitikira chapakati pa buku. Nkhani yonse akusimba ndi Chet mwini wake. Palibe wina woima pambali n'kumakulozera kuti taonani munthu woipayu. Mantha ake ukuwamva, ukudziwa kuti malipiro ake analidi ochepa, ukuona kuti sankafuna kumulakwira Jenson. Pang'onopang'ono umayamba kuganiza naye limodzi, kumuthandiza kukonza bodza loti auze ofunsa, kumukumbutsa mumtima zomwe waiwala kubisa. Muli mlamu wake wa Jenson, munthu wopemphapempha, amene amabwera pamalopo ndi galu wake, galuyo n'kumanunkhiza chakufupi ndi pomwe pakwiriridwa mtembo. Mtima wanga unagunda, ndipo unkagundira Chet. Ndinkafuna galuyo achoke. Ine mphunzitsi, wa m'komiti ya kutchalitchi, ndili gone pamkeka ku Balaka, kufunira zabwino munthu wobisa mtembo wa yemwe anamudyetsa.

Za kumudyetsazi nazo zimalemera mwina ukamaziwerengera kuno. Kwa Chase, kukoma mtima kwa Jenson ndi njira chabe yofikitsira Chet pafupi ndi bokosi. Kwa ife si nkhani yaing'ono. Midzi ya ku Machinga inalandira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique osawafunsa makalata, pa nthawi yomwe dziko lino linasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Amalume amakumbukira mabanja akufika pa Nayuchi ndi mtolo umodzi, mfumu n'kuwalozera pomanga msasa ndi polima. Munthu wokulira m'malo otere amadziwa kuti amene wakupatsa madzi ndi mphasa uli m'mavuto wasanduka kholo lako. Choncho pomwe wowerenga wa ku London mwina ankangodikira kuti aone ngati apolisi afika, ine ndinali ndi manyazi awiri, a Chet ndi anga omwe, koma tsamba ndinkatembenuzabe.

Mabuku a Chichewa amene tinakula nawo sachita zimenezi. Nthondo, la Samuel Josia Ntara, lomwe linatuluka mu 1933 ndipo lakhala likuwerengedwa m'makalasi mwathu, limasimba za munthu wakuba ndi wovuta, koma wosimbayo amaima patali, ndipo ulendo wonse walunjika ku kutembenuka mtima. Nthano za pamoto nazo zimatha ndi phunziro. Pamayeso timafunsa ana kuti kodi m'nkhaniyi tikuphunziramo chiyani, ndipo mwana wochenjera amadziwa kuti yankho n'lakuti kuba n'koipa, ngakhale nkhaniyo asanaiwerenge. Mwambo umenewu sindikuunyoza, ndimadyera momwemo. Koma uli ndi chilema chimodzi: woipa nthawi zonse amakhala wina. Wowerenga amatuluka m'buku ali woyera monga analowera, chala chokha ndicho chatopa ndi kuloza. Kwa Chase sutuluka choncho. Nayenso opalamula ake sapindula, mapeto awo amakhala owawa, koma salalikira. Amakulowetsa m'mutu mwa munthu wamba, waluso lake, wolipidwa mochepa, pa mphindi yomwe wayamba kuwerengera ndalama za eni ake, n'kukusiya kuti uyeze wekha mtunda wochoka pomwe waima iwe kufika pomwe ali iye.

Munthu ameneyu timamudziwa. Mu Seputembala 2013 mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Lilongwe, ndipo m'masabata omwewo dziko linadzidzimuka kumva za ndalama zopezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma, ena a iwo a maudindo aang'ono. Nkhani ya Cashgate tinaikamba ngati ya ndale, ndipo inalidi ya ndale. Koma pansi pake panali a Chet Carson: anthu odziwa kutsegula, amene tsiku lililonse ankaona mamiliyoni akudutsa pakompyuta yawo pomwe iwo malipiro safika pakati pa mwezi. Kiyi yokha ndiyo inasintha, kuchoka pa chitsulo kupita pa nambala zachinsinsi. Ndipo sipofunika kukwera mpaka ku Capital Hill. Pali msungichuma wa banki mkhonde. Pali kalaliki wa pasikelo nyengo yogula thonje kapena nandolo. Aliyense wa ife amene anagonapo ndi ndalama za gulu m'nyumba mwake, mwana akudwala, fizi isanalipidwe, akudziwa kuti ganizo lija limabwera. Ambiri timalibweza. Buku la Chase ndi la amene sanalibweze, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake akalaliki a njanji, osunga makiyi a katundu wa eni, ankalimva kukoma kuposa anthu ena.

Pamsika lero mabuku a Chase simuwapeza wamba. Ogulitsa mabuku akale amayala mapepala a mayeso a zaka zapita, Mabaibulo, ndi mabuku ophunzitsa kulemera, a Robert Kiyosaki ndi anzake. Ndimawayang'ana n'kuona kuti akukanda pomwe pankakanda Chase, kungoti iwo amalonjeza kuti zitha bwino.

Komabe pali pomwe ndinasiyana naye, ndipo chinandisiyanitsa naye ndi boma la Machinga. Mu 2018 mnyamata wa zaka 22 wa khungu lachialubino anasowa m'mudzi mwawo m'bomali, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata, litakwiriridwa, ziwalo zina palibe. Mlandu unatenga zaka zinayi. Mu 2022 Khoti Lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wogwira ntchito zachipatala, komanso mchimwene wake wa malemuyo. Asanu analamulidwa kukhala kundende moyo wawo wonse. Ukaiyang'ana ndi diso la wolemba, nkhaniyi ili ndi zonse zomwe Chase ankazifuna: anthu odalirika, chinsinsi, lonjezo la chuma chobwera usiku umodzi, chiwembu chochokera m'nyumba momwe. Koma ife amene tinali pafupi tikukumbukira zomwe buku lotere silikanalemba. Makolo a ana achialubino kuopa kuwatumiza kusukulu. Amayi kugona atakhala tsonga, khutu lili kuchitseko. Mabanja kuwaka manda ndi simenti poopa ofukula. Palibe amene ankafuna kudziwa zomwe zichitike patsamba lotsatira.

M'buku la Chase wophedwa amasanduka katundu wofunika kusunthidwa. Jenson atangofa, nkhani yonse ndi ya pomubisa ndi ya amene angafunse. Palibe siwa, palibe adzukulu kumanda, palibe mkulu woimirira kufotokoza mbiri ya malemu. Kuti nkhani yake itheke, Chase amafunika chipululu, malo oti munthu alibe mwini. Kuno munthu sangasowe sabata yathunthu mfumu osamva. N'chifukwa chake ndikuona kuti nkhani yomweyi itasamutsidwira ku Ntaja kapena ku Nsanama, sikuti angasinthe ndi maina okha ayi. Funso silingakhalenso loti apolisi adziwa liti. Lingakhale loti mudzi, womwe ukudziwa kale, ukhala chete mpaka liti, ndipo ukutetezera ndani. Limeneli ndi funso loopsa kuposa la Chase, ndipo mapu ake aja sakanamuthandiza kulifunsa.

Za akazi ake ndisachulutse. Lola alipo kuti mwamuna agwe basi. Amalume akuvomerezanso kuti munthu wakuda akaoneka m'mabukuwa, kawirikawiri amakhala wonyamula zikwama kapena wotsegulira ena chitseko. Ndinawafunsa ngati zimenezi sizinkawapweteka.

"Tinkadumpha," anatero. "Ife tinkakhala mzungu wa mfutiyo."

Nditabweza loyambalo anandipatsa No Orchids for Miss Blandish, la mwana wamkazi wa mpondamatiki amene anagwidwa ndi gulu la Ma Grisson ndi mwana wake Slim. Ndinalimaliza, koma silinandigwire. Mmenemo zigawenga ndi zilombo kuyambira pachiyambi, ndipo chilombo umangochionerera, sichikuuza kanthu za iwe mwini. Dandaulo la Orwell ndinalimvetsa. Lotchuka dziko lonse ndi limenelo, koma kwa ine labwino ndi la mmisiri wa maloko lija.

Amalawi njira imeneyi anaiyesapo. Aubrey Kalitera wa ku Blantyre anayamba ndi mabuku osindikizidwa ku Nairobi m'zaka za m'ma 1970, kenaka anatsegula kampani yakeyake, Power Pen Books, n'kumasindikiza yekha mabuku monga Why Father Why. Macmillan inali ndi mabuku a Pacesetters, oyamba kutuluka mu 1977, olembedwa ndi anthu a mu Africa muno, ndipo Dede Kamkondo wathu analemba nawo. M'Chichewa, Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba analemba nkhani za moyo wa masiku ano zomwe anthu ankawerenga popanda mphunzitsi kuwaimirira kumbuyo. Koma buku la Chichewa la upandu, losimbidwa ndi wopalamula mwini, lopanda mlaliki patsamba lomaliza, ndi lomwe ine ndikulilakalaka tsopano.

Si kuti nkhani zikusowa. Usiku njinga ndi malole a makala amatsika kuchokera m'nkhalango ya Liwonde, ndipo thumba lililonse lili ndi amene anatseka maso kuti lidutse. Sitima za malasha ochokera ku Moatize zimadutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde kupita ku Nacala, zazitali moti ukaima kudikira umatopa kuwerenga mabogi. Kuli malire a Nayuchi, kuli madambo a Chiuta ndi Chilwa omwe wodziwa njira amawoloka osaonetsa chiphaso. Paki ya Liwonde, yomwe African Parks inayamba kuyang'anira mu 2015, ili ndi zipembere zomwe nyanga zake zimafunidwa kutsidya kwa nyanja, ndipo mu 2021 khoti ku Lilongwe linagamula nzika ina ya ku China kukhala kundende zaka 14 pa mlandu wa malonda a nyanga zotere. Pakati pa mkulu ngati ameneyo ndi chipembere pamakhala mnyamata wa m'mudzi woyandikana ndi mpanda, amene njovu zinamudyerapo chimanga, ndipo wina wamuonetsa ndalama zomwe chibadwire sanazigwirepo. Ameneyo ndiye ndikufuna andisimbire yekha, m'Chichewa chake chosakanikirana ndi Chiyao, mpaka ndizimufunira kuti alonda a paki asamumve, kenaka andilowetse kunyumba ya siwa kuti ndione zomwe ndimazifunira zabwinozo.

Makina osindikizira tili nawo pakhomo pomwe: Montfort Media ili ku Balaka konkuno, komwe kumachokera The Lamp, Together ndi Mkwaso. Vuto ndi msika. Osindikiza mabuku m'dziko muno amadalira kwambiri mabuku a sukulu, ndipo buku lofuna kulowa m'kalasi liyenera kukhala ndi phunziro looneka patali, choncho wolemba amadziwa mapeto asanalembe chiganizo choyamba. Owerenga okha alipo. Taonani momwe anthu amatchera khutu Nkhani za m'Maboma pa MBC, kapena momwe nkhani zopeka zolembedwa m'zigawozigawo zimayendera pa Facebook ndi WhatsApp, anthu mpaka kumulalatira wolemba akachedwetsa gawo lotsatira. Ana a m'kalasi mwanga amene amati kuwerenga kumawapweteketsa mutu ndi omwewo amagona mochedwa kudikira gawo la mawa.

Tsiku lomwe ndinakabweza buku lachiwirilo kwa amalume, tinabwereranso ku mkangano wa loyamba, woti wolakwa weniweni ndani. Amalume mpaka lero amati ndi Lola.

"Mkazi uja ndi njoka, mphwanga. Pakanapanda iye, mnyamata uja akanakhazikika bwinobwino."

Ine ndinawakumbutsa kuti Chet anali atatsegula kale bokosi la mwini asanamuone n'komwe Lola. Akazi awo, amene bukulo sanaliwerengepo koma nkhani yake aimva kuyambira ali mtsikana, anali akusankha mpunga pakhonde pomwepo. Sanadzutse mutu.

"Nonse awiri mukuphonya," anatero. "Bambo wamkulu ngati uja, kukwatira mwana, n'kumamuimika kukhitchini usana ndi usiku kuphikira apaulendo, ndalama atatsekera m'bokosi, kiyi ali nayo yekha. Inu mumati zitha bwanji?"

Amalume anatsokomola, n'kuyamba kundifunsa mtengo wa feteleza ku Liwonde.